Galu Asankha Nkhoswe Yodziwa Chingerezi

Kalekale, nyama zisanaleke kuyankhula, kunali Galu.

Foniyo ika m'thumba, Lufeyo, sithawa. Ndati kunali Galu.

Galu ameneyu anali wa msinkhu wokwatira. Miyendo anali nayo. Mano anali nawo. Nkhope yake sinali yothawitsa ana. Chimene analibe ndi dzina labwino.

Munthu akaba nkhuku, anthu amati, "Galu iwe." Munthu akalowa m'nyumba ya mwini, "Galu iwe." Mwana akadya osasamba m'manja, amake amati, "Ukudya ngati galu." Galuyo ali phee pansi pa nkhokwe, sanaputeko munthu, koma dzina lake lili pa ntchito m'mudzi monse.

Tsono Galu anakonda mwana wa Mbuzi, dzina lake Nankhoma. Nankhoma naye sankamuthawa. Akakumana kudambo ankaima, ankaseka, ankatola kaudzu n'kumatafuna akuyang'ana kumbali.

Tsiku lina Nankhoma anati, "Zokumana kudambozi zakwana. Kaonaneni ndi amalume."

Malume wake anali Tonde. Ndevu mpaka pachifuwa, fungo mpaka kutsidya kwa mtsinje.

Galu anapita. Anagwada chapatali.

"Ndaona mbeta pakhomo panu pano."

Tonde anamuyang'ana kuyambira kumphuno mpaka kumchira.

"Ndiwe Galu?"

"Ndine, bambo."

"Yemwe uja amamutchula anthu akamamenyana pa mowa?"

"Amangotchula dzina, bambo. Ine ndimakhala kulibe."

"Ukhalepo, usakhalepo, dzinalo ndi lako. Mwana wa mlongo wanga azipita kuchitsime n'kumamva mwamuna wake ali m'kamwa mwa chidakwa chilichonse? Ayi. Pita. Ukandipezere malo amene dzina lako amalitchula mwaulemu. Liwu limodzi lokha. Ukalipeza ubwere ndi nkhoswe yako, tidzakhale pansi. Tikadzakolola usanabwere, mwanayu akwatiwa ndi Nkhosa. Wakhala akufunsa."

Galu ananyamuka.

Anayenda, anayenda. Anafika kwa Ayao, dzina lake n'lotukwanira. Anayenda, anayenda. Anafika kwa Alomwe, chimodzimodzi. Anakwera mpaka kwa Atumbuka. Chiyankhulo sanachimve, koma mwala umene unatsagana ndi mawuwo anaumva.

Ali m'njira anamva amuna awiri akucheza. Wina akuti, "Azungu galu amamusambitsa ndi sopo." Mnzake akuti, "Bodza." Woyambayo akuti, "Ndinaona ndi maso angawa. Amamumangira ndi nyumba yomwe."

Galu sanadikire kuti atsirize. Analunjika kumapiri kumene kunali esiteti ya tiyi.

Mwini esitetiyo antchito ankamutcha Bwana Chipewa, chifukwa chipewa sankavula ngakhale pakudya. Anali ndi mkazi, Dona. Analinso ndi chigalu cha ku Ulaya, mutu ngati mtondo. Ndipo padenga la khitchini pankakhala Khwangwala.

Khwangwala umamudziwa. Wakuda thupi lonse, kolala yoyera m'khosi. Kolalayo sanaigule, sanailembere mayeso, anabadwa nayo. Koma ankayenda ngati anaitenga ku koleji. Chingerezi anachitola kudzala la Bwana, pamodzi ndi makoko a buledi. M'mawa ankapereka moni wa Chingerezi ngakhale kwa nkhuku.

Bwana Chipewa atamuona Galu anamuimbira mluzu. Galu anagwedeza mchira. Basi ntchito yapezeka. Anamusambitsa ndi sopo. Anamuveka lamba m'khosi. Anamupatsa kanyumba ka matabwa kuseri kwa khitchini.

M'mawa mwake Bwana anakwera hatchi kukayendera tiyi. Galu pambuyo. Kukwera phiri, Galu pambuyo. Kutsika phiri, Galu pambuyo. Dzuwa likupendeka anabwerera. Galu anadzigwetsa pakhonde, lilime panja, osathanso kuingitsa ntchentche. Bwana naye anadzigwetsa pampando. Analoza Galu, n'kudziloza yekha, n'kunena mawu. Pakati pa mawuwo Galu anamva, "dogi."

Anayang'ana padenga. "A Khwangwala, dogi ndani?"

"Ndiwe."

"Bwanayu akudzifanizira ndi ine?"

"Akutero."

Galu sanafunse zambiri. Anadziwa liwu limodzi, anaona ngati wamaliza sukulu. Anapita kukanyumba kake akuimba chapansipansi:

"Lakwera, lakwera,
dzina langa lakwera,
lalowa m'kamwa mwa Mzungu."

Masiku amene Bwana sankayendera tiyi, Galu ankamumanga pa unyolo. Unyolo kulamba, lamba m'khosi. Dzuwa limuombe, mvula imuvumbe, ali pompo. Chakudya chikabwera ankayamba kudya ndi chigalu cha ku Ulaya, iye n'kumanyambita mbale. Galu ankati, "Palibe kanthu. Sindinabwerere mimba. Ndabwerera dzina."

Tsiku lina Lamulungu Bwana anapita kukamwa ndi Azungu anzake. Anati abwera nthawi ya chakudya cha masana. Chakudya chinapsa, chinazizira, anachichotsa pa tebulo. Bwana anatulukira madzulo, mvula ili pakati, chipewa chili chopendekeka, akuimba.

Dona anatseka chitseko cha kutsogolo. Anatseka cha kumbuyo. Anatseka ndi mawindo omwe.

Bwana anagogoda. Zii. Anaitana maina onse okoma. Zii. Mvula ikungokhuthuka. Anazungulira nyumba, anaona kanyumba ka Galu, anagwada, n'kukwawira momwemo. Miyendo inatsala panja.

Galu anamusunthira. Iye anagona pa mvula, Bwana mkati.

Kutacha, Mzungu mnzake anabwera kudzamuona. Anapeza nsapato zikusuzumira m'kanyumba ka Galu. Anaseka mpaka anagwira m'mimba. Ananena mawu, ndipo pakati pa mawuwo Galu anamva, "dogi."

"Lakwera, lakwera,
dzina langa lakwera."

Potuluka chambuyo m'kanyumbamo, Bwana anaponda mchira wa Galu. Iwe ukudziwa, mchira ulibe ulemu. Mano anafika pa katumba Galu asanaganize.

Galu anati basi lero andipha. Koma Dona anatuluka ndi sizasi. Anameta ubweya pang'ono pamsana pa Galu, anauika pabalapo, n'kumanga ndi kansalu. Kwawoko makolo awo ankakhulupirira zimenezo, kuti bala la galu limapola ndi ubweya wa galu yemwe wakulumayo. Usamaone ngati zitsamba n'zathu zokha.

Bwana anakhala pampando, dzanja lina pamwendo, lina pamutu. Matsire. Anaitanitsa botolo lomwe lija linamugwetsa dzulo lake. Anathira, anakweza tambula, ananena mawu. Mnzake uja anaseka. Pakati pa mawuwo, "dogi."

Galu anadumpha ndi unyolo womwe. Ubweya wake wasanduka mankhwala a Mzungu.

"Lakwera, lakwera,
dzina langa lakwera."

Chimanga chitayamba kuuma kunabwera alendo ambiri. Anakhala pa kapinga, akumwa tiyi. Mmodzi anaponya fupa pakati pa agalu awiriwo. Fupalo linagwera pafupi ndi Galu. Galu analitola, anati lero lokha ndiyamba ndine.

Chigalu cha ku Ulaya chinamugwera ngati thumba la chimanga. Galu pansi, icho pamwamba. Galu anadzuka. Chinamugwetsanso. Anadzukanso. Chinamugwetsanso. Fupa sanalilavule. Alendo anaimirira, anasiya tiyi, akuomba m'manja, akukuwa, onse akuloza wapansiyo. "Dogi, dogi," ndi mawu ena.

Galu anatuluka m'menemo khutu litang'ambika, fupa lili kukamwa, mtima uli mbee.

Anati, "Tonde anafuna liwu limodzi. Ine ndili nawo odzaza dengu."

Tsiku limene Bwana anamumasula kuti akayendere tiyi, Galu anakhotera m'tchire. Lamba anapita naye.

Tsopano nkhani ya nkhoswe. Galu anali ndi malume wake, Nkhandwe. Nkhandwe atamva kuti mwana wa mlongo wake wabwera, sanadikire kuitanidwa. Anafika yekha, chisoso chili thupi lonse.

"Ndamva, mwana wa mlongo wanga. Tikupita liti kwa a Tonde?"

Galu anawayang'ana amalume ake. Anayang'ana chisoso chija. Anakumbukira kuti amalumewa ukawatuma ndi tambala wa chinkhoswe, amafika ndi nthenga zokha. Anagwira lamba wake.

"Amalume, nkhaniyi ndi ya Chingerezi."

"Mkaziyo ndi Mzungu?"

"Ayi. Koma umboni wake ndi wa Chingerezi."

"Ine ndimayesa ukufuna nkhoswe. Kani ukufuna mboni?"

"Ndapeza kale munthu, amalume. A Khwangwala. Ngophunzira."

"Ndi mbale wako wa mbali iti?"



Nkhandwe anathothola chisoso chimodzi, anachiyang'ana, anachitaya. "Chabwino. Mukayende bwino ndi ophunzirawo." Anabwerera kutchire.

Galu atakamupempha, Khwangwala sanavute. Atangomva kuti kukakhala anthu omumvetsera, anasambitsa kolala.

Tsiku linafika. Mphasa anayala pansi pa mtengo. Tonde anakhala kutsogolo. Mai Mbuzi, amake a Nankhoma, anakhala kumbuyo kwake. Nankhoma anakhala pambali, nkhope pansi. Uku Khwangwala kutsogolo, Galu kumbuyo kwake.

Mwambo ukuudziwa, kapena kusukulu kwanuko sanakuuzeni. Pamalo ngati amenewa wofunsira mbeta sayankhula. Pakamwa pake ndi nkhoswe. Nkhoswe ikanena zabwino, iwe phee. Ikanena zokupha, iwe phee. Apongozi ali pomwepo, ungatsegule pakamwa?

Tonde anati, "Tinatuma mnyamatayu liwu limodzi. Mwabwera nalo?"

Khwangwala anakonza kukhosi. Anayamba ndi moni wa Chingerezi, wautali.

Tonde anatembenukira kwa mlongo wake. "Akudwala?"

"Ndi moni, bambo," anatero Khwangwala. "Mawu tabwera nawo ambiri. Loyamba, Angerezi amati dogi tayadi."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Munthu akatopa kotheratu, osatha ngakhale kuvula nsapato, amati watopa ngati galu. Chiyambi chake ndinachiona ndekha. Mnyamatayu anagona pakhonde lilime panja, ntchentche zikuchita msonkhano pamphuno."

Mai Mbuzi anati, "Kumunda azikatero?"

Tonde anati, "Limenelo ayi. Lina."

Galu anamukanda Khwangwala kumchira. Khwangwala anangosuntha.

"Lachiwiri, amati ini za dogi hausi. M'nyumba ya galu."

"Eya," anatero Tonde. "Nyumba ndi chinthu chabwino. Ali ndi nyumba?"

Apa nkhoswe yanzeru ikanangoti, "Ali nayo, ya matabwa." Basi. Koma ophunzira ndi choncho. Uwafunse njira ya kuchigayo, akuuza mbiri ya chimanga.

"Tanthauzo lake si nyumba ayi," anatero Khwangwala. "Mwamuna akalakwira mkazi wake, mkaziyo osamuyankhula, osamutsegulira chitseko, ndiye amati ali m'nyumba ya galu."

Mai Mbuzi anawomba m'manja kamodzi. "Ndiye kuti amuna opirikitsidwa onse azidzagona kwa mwana wanga? Iye aziwayalira?"

"Limenelonso ayi," anatero Tonde. "Lina."

Mchira wa Galu unayamba kutsika.

"Lachitatu ndi lalitali. Heya ofu za dogi. Ubweya wa galu."

Galu anatukula mutu. Ili ndiye ankalidalira.

"Kale ankaika ubweya wa galu pabala la galu," anatero Khwangwala. "Koma masiku ano akatero amanena mowa wa m'mawa. Munthu waledzera dzulo, wadzuka mutu ukuwawa, ndiye amwanso womwewo kuti achire."

Tonde anaseka mpaka ndevu zinagwedera. "Kuchotsa matsire. Ulendo wonsewu, kukatenga kuchotsa matsire? Ndinati ndatopa kumva dzina lake pa mowa wa madzulo. Inu mwandibweretsera la mowa wa m'mawa."

"Lilipo lina la mvula," anatero Khwangwala. "Ikagwa yambiri amati kukugwa amphaka ndi agalu."

"Linachokera kuti limenelo?"

Khwangwala sankadziwa. Koma anayankhulabe. Anayankhula za madenga, za mphepo, za mitambo ya ku Ulaya, mpaka Mai Mbuzi anayamba kusinza.

Tonde anagwira ndodo yake kuti adzuke. Mchira wa Galu unali utalowa pakati pa miyendo. Nankhoma anali asanatukule nkhope.

"Pali linanso," anatero Khwangwala. "Andadogi. Galu wapansi."

"Wapansi pa chiyani?"

"Pa mnzake. Agalu awiri akamamenyana, wina amakhala pamwamba, wina pansi. Mnyamatayu anali pansi. Khutu ili ndi umboni."

"Ndiye kuti wogonja," anatero Mai Mbuzi.

"Osati ndendende, mayi. Ndi amene aliyense akuona kuti sapambana, wochepa mphamvu, wopanda omuthandiza, koma iye osathawa. Angerezi akatchula liwu limeneli mtima wawo umakhala kwa iyeyo. Amamuchemerera. Tsiku limenelo anasiya tiyi kuzizira chifukwa cha ameneyu. Anamugwetsa, anadzuka. Anamugwetsa, anadzuka. Fupa sanapereke."



Nankhoma anatukula nkhope. Anayang'ana khutu long'ambika lija. Ananong'oneza amake, koma onse anamva. "Amayi, Nkhosa akanathawa."

Tonde anaika ndodo pansi. Anasisita ndevu.

"Ili ndi liwu," anatero. "Silonona kwenikweni, koma ndi liwu. Munthu wosathawa ndi munthu. Ndinati limodzi, limodzi lapezeka. Mlongo, ukuti bwanji?"

Mai Mbuzi anati, "Ngati mwanayo wafuna."

Ukwati unali utatheka, Lufeyo. Unali m'manja. Chotsala chinali chakuti nkhoswe iwombe m'manja, ithokoze, ifunse tsiku, inyamuke. Nkhandwe, ndi chisoso chake chomwecho, akanakhala atafika kale kumsewu.

Khwangwala anati, "Pepani, sindinamalize."

Galu anatsokomola. Anatsokomolanso. Anamuponda Khwangwala chala. Khwangwala anachotsa chalacho, n'kukonza kolala.

"Latsala limodzi. Sibwino kusiya phunziro pakati. Amati e dogizi laifi. Moyo wa galu."

"Umenewo ndiye tikufuna kumva," anatero Mai Mbuzi. "Poti mwana wanga akukalowa m'moyo umenewo. Amati ndi wotani?"

"Munthu akamazunzika, mayi. Wogwira ntchito yosayamikidwa, wodya zotsala, wogona pa mvula, wopanda tsiku lopuma. Akafika pamenepo amati ali pa moyo wa galu."

"Amatero ndani? Omwe aja amamusambitsa ndi sopo?"

"Omwewo. Ndipo sanama. Lamba ali m'khosiyu si wa ulemu ayi. Onani kachitsulo aka. Apa ndi pokoletsa unyolo. Ankakhala womangidwa, akudikira kuti mnzake amalize kudya kuti anyambite mbale."

Onse anayang'ana lamba uja. Galu anafuna kumubisa, koma khosi ulibisa kuti?

Mai Mbuzi anadzuka, anakutumula chitenje. "Ife kuno timamutukwana chifukwa sitimudziwa bwino. Awo akhala naye, amudyetsa, amuona m'mawa ndi madzulo, ndipo akuti moyo wake ndi umenewo. Achimwene, mwana wanga sindinamuberekere kunyambita mbale."

Tonde anati, "Liwu lija ndinalilandira."

"Mwalandira limodzi. Ine ndamva onse."

Tonde anayang'ana Galu, ndipo ndikuuza, anamumvera chisoni. "Mnyamata iwe, unalibe wachibale?"

Galu sakanayankha. Mwambo.

Mai Mbuzi anamugwira mkono Nankhoma. Nankhoma anacheuka kamodzi, n'kutsatira amake. Tonde anapinda mphasa, Galu ndi nkhoswe yake anachita kusunthira pa dothi. Chimanga chisanathe kulowa m'nkhokwe, Nankhoma anali kwa Nkhosa.

Pansi pa mtengo panatsala awiri.

Khwangwala anati, "Ndayankhula bwino, eti? Unamva mmene ndinatchulira lachitatu lija?"

Galu anangomuyang'ana.

"Bwanji? Pali pamene ndanama?"

"Palibe."

"Pali liwu limene ndalakwitsa?"

"Palibe."

"Nanga wakwiyiranji?"

Galu anadumpha. Khwangwala anauluka, Galu anatsala ndi nthenga imodzi kukamwa. Mpaka lero galu akaona khwangwala pabwalo amamuthamangitsa, ndipo khwangwala amakatera pa nthambi n'kumafunsabe kuti walakwa chiyani. Mpaka lero galu alibe nkhoswe. N'chifukwa chake alibe ukwati. Amangozungulira m'makomo mwa eni, miyala ikumutsata.

Ndiye imva, Lufeyo. Dzina lako likamamveka m'kamwa mwa anthu akuluakulu, yamba wafunsa kuti akulitchula pa nkhani yanji, usanayambe kuvina. Ndipo tsiku limene udzafune mkazi, anzako a kuofesi adzabwere kudzadya mpunga. Pamphasa udzaike mbale wako, ngakhale wonunkha utsi, ngakhale wosatha kulemba dzina lake. Wodziwa zambiri amafuna anthu amve kuti amadziwa. Mbale amafuna iwe ukwatire. Akaona kuti avomera, amatseka pakamwa n'kunyamuka.

Yanga nthano yathera pamenepa, ndatseka pakamwa.